Disiki Yosaoneka

"Ndati fufutani zonse, osati muzindiuza nthano!" a Chagomerana anamenya tebulo.

Modesta, wokonza makompyuta pa Golomoti, anawatembenuzira laputopu yawoyo. "Bambo, pulogalamu yofufutirayi sikuiona disiki yosunga zinthu zanu. Ndazimitsa n'kuyatsanso, ndasintha fulashi ya pulogalamuyi, koma ikungoti mulibe kanthu."

"Mulibe kanthu bwanji? Zithunzizo ndinaikamo ndekha!"

A Chagomerana anadziluma mlomo. Zinali zithunzi za iwo ndi chibwenzi chawo cha ku Mtakataka, ndipo akazi awo, a Nangozo, anali atayamba kuiponyera maso laputopuyo.

"Inu ntchito simuidziwa! Kungokhoma chikwangwani basi. Ndikanapita ku Salima bwenzi pano zitatha."

Modesta anatenga laputopuyo. Anaitembenuza n'kuyamba kumasula kunsi. "Apa wina anatsegulapo kale."

"Bodza! Angatsegule ndani kwathu? Mayi aja ngakhale wailesi ndimawayatsira ndine."

Chivundikiro chitachoka, pamalo pa disiki panali pululu. Panangomatidwa mphete yaukwati ya a Nangozo ndi selotepi.

Foni ya a Chagomerana inalira. Anali ankhoswe.

"Bwerani kuno ku Mua msanga. Mayi ailumikiza kale okha disiki ija pa kompyuta ina, tikungodikira inu kuti tionere limodzi."