Mchere wa Otilia

Ana onse adabwerera m'sukulu aliyense ali ndi kanthu m'manja, ndipo nkhope ya mphunzitsi Geresomo idagwa.

Chiyambire ntchito pa kasukulu ka mishoni kufupi ndi Chiromo, njira yake yophunzitsira za malonda idali imodzi. M'mamawa ankabisa zinthu mu udzu wa denga, kuseri kwa zipika zokhalapo ndi m'mitengo ya pabwalo: thonje, milamba youma, singano za kwa Mmwenye ndi timapukusi ta mchere. Ankaziperewetsa dala ndi chimodzi, kuti posaka mwana mmodzi abwere chimanjamanja. Pa mwana ameneyo ndi pamene phunziro linkayambira: kuti za padziko sizikwanira onse, ndipo wosowa ayenera kusinthana ndi mnzake kapena kugulitsa thukuta lake.

Koma tsiku limenelo wosowa panalibe.

Geresomo adapukuta thukuta pamutu pake pometa chatsopano. "Wina wabwera ndi chake chakunyumba," adatero. "Ine sindiphonya kuwerenga ana anga."

Maso ake adaima pa Otilia, mtsikana wotsimphina amene pa masewerawa ankatsalira nthawi zonse. Adali atafumbata kaphukusi ka mchere. Amayi ake ndiwo ankaphika mchere kudambo, ndipo mphunzitsiyo adagula wakewo kwa iwo omwe. Kakulungidwe kadali kamodzi, luzi lake lomwelo. Kukadavuta chiyani kubisa kena m'nsalu?

"Otilia, mcherewo wautola pati?"

"M'phanga la mlambe, aphunzitsi."

"Ndi mwendo umenewo? Wawapitirira anyamata onsewa, othamangitsa mbuzi?"

Palibe adaseka. Lamulo ankalidziwa onse: wochita chinyengo ankachotsedwa sukulu tsiku lomwelo. Ankadziwanso kuti amayi a Otilia adagwada kangapo pakhomo pa mphunzitsi kupempha malowo, poti mwana wawo sakadatha khasu kapena kusenza mitolo ya thonje kupita nayo kudoko.

Francisco, wamkulu pa onse, adadzuka. "Aphunzitsi, sadabe ayi. Kungoti..."

"Kungoti chiyani? Nena."

Mnyamatayo adayang'ana anzake, nakhala pansi. Enawo adazolika. Geresomo adaona kuti agwirizana kumubisa mnzawo, ndipo mtima wake udauma.

"Otilia, bweretsa sileti yako."

Mtsikanayo adakoka mwendo kufika kutsogolo, naika sileti pagome ndi manja awiri. Mcherewo adauika pambali pake. Misozi inkatsika, koma sadadzikanire konse.

"Kuti wina asadzanene kuti ndidamuweruza mokondera," adatero Geresomo, "ndikuwerengani pamaso panu, monga ndidakuwerengerani mumtima m'mamawa."

Adayamba ndi chipika chakumbuyo, kugwira mutu uliwonse ndi kutchula dzina lake. Sadafunike kuyang'ana, pakuti dzanja lidazolowera njira. Lidagwira Francisco, lidagwira Elias. Lidafika pa chipika chakutsogolo, lidagwira Luisa, lidatsikira pa malo otsatira, koma silidapeze mutu.

Pamenepo pankakhala Saulos, mwana wa mphunzitsiyo, amene mliri wa fuluwenza udamutenga sukulu ili yotseka, ndipo panalibe mwana wolimba mtima kutchula dzina la malemu pamaso pa wofedwa. M'mamawa muja, pobisa zinthu, bambo wake adamuwerengabe.