Chipinda cha Bambo Achipereka

Tsiku lomaliza kuwaona ali moyo, bambo ankamata ming'alu m'chipinda chawo. "Iwe wakukoleji, tandipatsira dothilo," anandiseka. Titawaika m'manda, kukolejiko sindinabwererenso.

Masiku ano nyumba n'zosowa. Chipinda chikangokhala chopanda wogonamo, akomiti yogawa nyumba amachipereka kwa wina. Amayi anapempha kuti adikire mpaka timete maliro, koma anakana.

Anatibweretsera a Nangondo, mayi wa khanda kumsana. Anaima pakhomo, maso ali pa jekete la bambo pamsomali.

"Achimwene, lisiyeni pomwepo," anatero. "Ine ndilibe chokolekapo."

Ndinafunitsitsa kuwada mayiwo, koma ndinalephera. Jeketelo ndinalichotsa ndekha, n'kuwalozera pomwe pamadontha mvula ikamagwa, kuti asamagonekepo mwana.

Linali Lachinayi, pa 16 Juni 2061.