Maliro a Kuseri kwa Khoma

Ndinkasenda mbatatesi pamene mng'ono wanga Sinéad analowa osagogoda.

"Achemwali, Wesley wamwalira. Wafera pabedi pake, adzukulu atamuzungulira."

Wesley, Mpulotesitanti wa kuseri kwa khoma lolekanitsa ife Akatolika ndi Apulotesitanti mumzinda wa Belfast, kumpoto kwa Ireland, ndiye anawombera n'kupha mwamuna wanga Malachy pakhomo pompano. Mkazi wa Wesley, Hazel, amandisungira mpando m'basi Lachisanu lililonse, osalankhula kanthu.

"Tiyeni tikamupepese Hazel," anatero Sinéad. "Si akuti Ireland idzakhalanso dziko limodzi? Tiyambe ndife."

"Asoke mapu awowo. Nanga Malachy adzandibwezera ndani?"

Ndinapukuta manja, n'kutenga kolona pazenera, koma pemphero la akufa linakana kutuluka.

"Ambuye, ndikhululukireni," ndinatero mokweza. "Hazel sanandilakwire, koma kumaliroko ine sindipita."