Khosi la Injini ya Chigomezgo

Panali munthu wina ku Chilomoni kuno, dzina lake Chigomezgo, kalaliki wa m'boma wochokera ku Rumphi. M'chaka cha 1997 anagula kagalimoto koyera ka ku Japan, kosintha kokha magiya. Kagalimotoko kanalibe vuto. Vuto linali mwini wake, munthu wosakhazikika ngati wakhalira linthumbu. Minibasi yodzaza anthu ikamupitirira pa chitunda, kondakitala n'kumubayibitsa, tsiku limenelo kuofesi ntchito sinkagwirika. Ankangodzuka, kukhala, kudzukanso.

Mu Okutobala mlongo wake Dorcas ankakwatiwa, ndipo komiti ya ukwati inagwirizana kuti mkwati ndi mkwatibwi adzakwere kagalimoto kameneka. Amene anakondwa kwambiri anali azakhali awo, a NyaGondwe, omwe analera Chigomezgo ndi Dorcas makolo atamwalira. Analengeza kuti adzavina kutsogolo kwa galimoto kuchokera pa tchalitchi mpaka ku holo, chifukwa Dorcas anamuvutikira. Chigomezgo anawalonjeza kuti Dorcas akamufikitsa yekha, bwinobwino.

Koma mtima wake unkafunanso zina. Ankafuna kuti injini idzabangule pa tsikulo, akuchimuna adziwe kuti sanakwatire kwa anthu wamba. Anali atamva kwa anzake kuti magalimoto a mpikisano amawaika khosi lalikulu. Khosi la injini ndi chitsulo chija chimatseguka n'kulowetsa mpweya munthu akaponda moto. Basi, Lachinayi la sabata ya ukwatiyo anathawa kuntchito, ulendo wa ku Ndirande kwa a Ambrosi, makaniko wake wa masiku onse.

A Ambrosi anamvetsera mpaka kumapeto akupukuta manja.

"Achimwene, khosi ili analiyeza ndi injini yakeyi," anatero. "A mpikisano amasintha zonse, osati khosi lokha. Mukaika lalikulu, galimoto izikuvutani pofuna kuyenda pang'onopang'ono. Ine sindikhudza."

Chigomezgo anatuluka akung'ung'udza kuti mdalayu nzeru zake zinathera pa magalimoto akalekale a makabuleta. Asanafike n'komwe pamsewu, anamuimitsa munthu wovala ovololo yoyera mbuu. Makaniko wa ovololo yoyera! Pamenepo pokha munthu akanadabwa, koma waphuma saona zimenezo. Mkuluyo anati dzina lake ndi Ignasio, anagwirapo ntchito ku Joni, ndipo khosi lalikulu ali nalo, lochotsa ku galimoto ina yamphamvu imene inachita ngozi.

Ntchito inagwiridwa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Mabowo a mabawuti sanagwirizane, Ignasio anaboola ena. Pamene pankadutsa mpweya anatsekapo ndi katoni. Sipuling'i yobweza khosi kuti litsekeke inali yaifupi, iye anadula mphira ya chubu, ngati ya legeni, n'kumanga.

"Iyi ndi yongogwirizira, bwana. Lolemba ndibweretsa sipuling'i yake yeniyeni."

Pobwerera, Chigomezgo anapitirira maminibasi awiri pa chitunda, n'kuwabayibitsa makondakitala onse. Anasangalala zedi. Koma ataima pa mphambano, injini inkalira yokha iye asanaiponde, galimoto ikunjenjemera kufuna kuthawa. Kamodzi chopondera moto chinakanirira pansi mpaka anachikoka ndi nsonga ya nsapato. Zimenezi anaziona, asaname. Lachisanu ananyamuka kuti akawaonetse a Ambrosi, anafika mpaka pa kona ya galaja yawo, manyazi n'kumubweza.

Loweruka, tsiku la ukwati, kunatentha kwambiri. Atatuluka m'tchalitchi, Dorcas ndi mwamuna wake anakhala kumbuyo, galimoto ili maluwa okhaokha. Amayi anayamba nyimbo ndi nthungululu, ena akuyala zitenje pamsewu. Kutsogolo kwenikweni kunali a NyaGondwe, akuvina chobwerera m'mbuyo, maso ali pa mwana wawo. Galimoto inkayenera kuyenda ngati munthu wapansi, koma iyo inkakoka ngati mbuzi yopita ku msipu. Phazi la Chigomezgo linachita dzanzi pa buleki, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, pang'onopang'ono," anatero Dorcas. "Azakhali ali pafupi kwambiri."

Iye anayankha kuti asade nkhawa. Atayandikira geti la holo, anzake a mkwati anayamba kumenya pa denga la galimoto, akufuula kuti alamu aiponde kamodzi kokha anthu aimveko. Mpata umene ankaufuna uja ndi umenewu. Anaiwala kuti giya ili yopita kutsogolo. Anachotsa phazi pa buleki n'kugunda moto pang'ono chabe.

Mphira ija inali itafewa ndi kutentha. Inaduka, khosi n'kutsala pululu. Galimoto inalumpha. Pamene Chigomezgo ankapotoza kiyi kuti azimitse, a NyaGondwe anali atapanikizidwa kale pa chipilala cha geti.

Kuholo sikunalowe munthu. Dorcas anakhala pa benchi ya kuchipatala ndi diresi lake la ukwati, chakudya cha anthu mazana atatu chikugawidwa kwa oyandikana nawo. Madokotala anayesetsa, koma mwendo wakumanja wa a NyaGondwe anaudula m'bondo. Ignasio uja anamufunafuna Ndirande yonse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankamudziwa.

Tsiku lotsatira ngoziyo a NyaGondwe anatsegula maso n'kupeza Chigomezgo ataima pambali pa bedi. Sanafunse za mwendo wawo. Anamugwira dzanja n'kufunsa motsitsa mawu.

"Mwanangu, Dorcas wakamufikitsa ku holo?"

Chigomezgo anagwada pansi n'kulira ngati mwana.

Phunziro: Mmisiri amene amakudziwani akakana ntchito, funsani chifukwa chake, osathamangira kwa mlendo amene wangovomera. Ndipo mukaona kuti mwalakwitsa, bwererani mukakonzetse, musalole manyazi akubwezeni, chifukwa wovulala amakhala wina wosalakwa. Tumizirani abale ndi anzanu onse oyendetsa galimoto, makamaka aja sapirira kupitiriridwa.