Nkhwangwa pa Mtanda wa Amonke

Dingani Kampamba anafika kwa amonke ku Woodlands dzuwa lili paliwombo, galimoto lake likuwala ngati mphumi ya mkwatibwi. Mwamuna ameneyu anayamba ndi kugulitsa misomali pamsika wa Kabwata, koma lero ku Dubai amapitako ngati kuseri kwa nyumba. Matchalitchi a ku Italiya anawaponda ndi nsapato zake zomwe.

Chomwe anadzera n'chimodzi: kudzaona mtanda wakale wa mtengo umene malemu amayi ake ankaugwadira, womwe tsopano unkasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale za amonkewo.

Anaupeza kuseri kwa nyumbayo, utagonekedwa padothi, moto ukulilima pambali. Mkulu wina wa ovolosi yong'ambika anali ataimirira pamwamba pake, nkhwangwa m'mwamba. Kha! Mkono wa Yesu unagwera uko.

Anthu otere Dingani ankawadziwa. Ndi aja amalalikira m'maminibasi kuti zosema zonse ndi mafano.

Sanafunse. Anamugunda mkuluyo ndi mutu pachifuwa, onse awiri pansi khu! Chibakera choyamba chinaphwanya magalasi a m'maso a mkuluyo. Chachiwiri chinazula dzino. Mkuluyo poyesa kukwawa, Dingani anamuponda dzanja mpaka zala zinalira ngati nkhuni zouma.

"Imani, mwana wanga..."

"Mwana wako ndani, iwe mfiti? Nenze ku Vatican ine!"

Anamugunditsa nkhope pakhoma, magazi n'kuchita mzere pa laimu. Mkuluyo anagwa chagada, osadzukanso.

Dingani anasenza mtandawo, suti yake ya ku Milan ili magazi okhaokha, nalowa nawo m'nyumba ija. Anautsamiritsa pakati pa zosema zinzake: Maria wa mtengo wa mukwa, oyera mtima a ndevu zawo, ng'oma za Misa zoyamba.

Bulazala Jethro, mmonke woyang'anira nyumbayo, analowa akuthamanga.

"Itanani ba polisi," anatero Dingani akupukuta zibakera. "Satana wanu nam'siliza. Musanithokoze, ni vocepa kuli ine."

Jethro anasuzumira pawindo, nagwira kumutu.

"Mayo! Mwapaya ba Abbot, atate wa ise amonke! Cinthu codalitsika sititaya ku dzala, ba Kampamba, timashoka pamoto. Uyo mtanda wadyewa mukati!"

Dingani anacheuka. Pachilonda cha nkhwangwa chija chiswe chinali kutuluka mulu, chikutsetserekera pamapazi a Maria.