Kagalimoto Kofiira ka ku Beira

Armindo Jofrisse ananyenga mlamu wake Bento chaka chimene namondwe anamiza Beira. Anamugulitsa kagalimoto kakale kothamanga, kofiira, kopanda denga, n'kulumbira kuti madzi a m'nyanja sanakakhudze.

Pobwerera kwawo ku Tete, pamtsetse wa ku Catandica, mkazi wa Bento, Filomena, anagwira mwamuna wake pabondo.

"Bambo a Zita, chepetsani liwiro. Si anyamatanso inu."

"Ndikuponda mabuleki, mayi."

Anapondanso ndi mphamvu. Pansi panabooka ngati chigoba cha dzira, phazi lake n'kutulukira kunja. Pabowopo anaona phula likuthamanga. Patsogolo pawo panali lole ya mitengo ikuyenda pang'onopang'ono.

Anakoka buleki ya pamanja. Inazukira m'dzanja lake, ili dzimbiri lokhalokha.

"Achimwene anu atipha," anatero Bento.

Filomena anangotseka maso, milomo ikuyenda.

Bento anakhotetsera kagalimotoko m'munda wa chimanga. Kanathyola mapesi mpaka kanakagunda chulu. Pansi pa mipando panakhuthuka mchenga woyera wa kunyanja ndi tizigoba ta nkhono, zimene wina anazibisa ndi kapeti yatsopano.

"Musakawasumire," anatero Filomena akupukuta magazi pamphumi. "Ndi mlongo wanga yekhayo."

Pa Khirisimasi Armindo anabwera kudzacheza. Anadya nkhuku, n'kuyang'ana ndodo imene Bento ankayendera chichitikire ngoziyo. Kenako anauza alendo kuti anthu a ku Tete sadziwa kusamala galimoto.