Munthu Woposa pa Chiwerengero cha ku Kanyama

Wilbroad, mnzanga wa kuntchito, amadzitcha katswiri, koma ntchito yake ndi ya mwana wa sukulu. Ndiye anaphunzitsa detabesi yathu ya pakompyuta kudzera chidule powerenga, ati iziyankha msanga. Mapeto ake, ukaifunsa kuti olembetsa katemera ku komboni ya Kanyama alipo angati, inkawonjezera munthu mmodzi. Ukatsata mayinawo mzere ndi mzere, munthuyo palibe. Akukiliniki ankafuna chiwerengero choona m'mawa mwake.

Madzulo ndinachotsa chidule chakecho, chiwerengero n'kulongosoka, magetsi n'kuzima. Ndinanyamula laputopu kukatchaja kwa Happy wometa, yemwe ali ndi jenereta.

Madzi a mvula anali atadzaza kanjira ka kuseri kwa msika. Pakati pake panaima bambo wovala jekete. Ndinamuunika ndi foni. Ine madzi ankandilekeza m'mawondo, koma thalauza lake linali louma.

"Ba Edna," anatero, "mwanichosa."

Ndinatsonya. Zidakwa za kuno zimadziwa dzina la aliyense.

"Sinikuzibani, ba mudala. Nipiteko."

"Ba Wilbroad benze kuniwerenga. Imwe mwanichosa."

Ndinamulambalala osacheuka. Kumbuyo kwanga madzi sanamveke kuchita phokoso.

Kwa Happy kunali kowala, jenereta ikulira. Ndinalowa, ndinamupatsa moni, n'kuika laputopu patebulo. Anachita ngati sakundiona. Anayang'ana kupyola phewa langa, nakoka mpando umodzi.

"Nkalani, ba mudala," anatero. "Mwabwela mweka lelo?"